Chisainireni kalata ya abwana, amuna anga sakugona: kodi ayamba misala?

"Alangizi, ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Mabvuku muno mu Harare. Amuna anga ndi kapitawo pa kampani ina ku Graniteside, ndipo agwirapo zaka 14. Chaka chatha malipiro atayamba kuchedwa, abwana anawauza kuti azilemba mayina a anthu amene akudandaula. Kenako anawapatsa kalata yoti asaine, yonena kuti anyamata atatu ankaba katundu. Iwo ankadziwa kuti ndi bodza koma anasaina, ndipo atatuwo anachotsedwa ntchito. Mmodzi timapemphera naye, mkazi wake ndi mnzanga wa ku chigwirizano. Papita miyezi isanu tsopano bambowa asakugona bwino. Amadzuka cha m'ma 2 koloko usiku n'kukakhala pakhonde, nthawi zina ndimawamva akuyankhula okha. Amadandaula mutu ndi kugunda kwa mtima, nsima amangotema kawiri basi, asiya kwaya, ayamba kumwa, ndipo sabata yatha anamenya mwana wathu wamng'ono chifukwa chotaya tiyi, chinthu chimene sanachitepo. Apongozi akuti awalodza ndi anyamata aja, tipite kwa sing'anga. Achimwene awo akuti ndi misala ikuyamba. Ine ndikufunsa: munthu wabwino chotere anavomera bwanji kuchita choipa chija? Nanga akupengadi?"

Mayi,

Zikomo polemba, ndipo pepani ndi zimene zagwa pakhomo panu. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo poti ndi limene likukusowetsani mtendere. Pa zimene mwafotokozazi sindikuonapo misala. Mawu otsiriza adzanena ndi amene adzawayeze maso ndi maso, koma pa zaka zimene ndakhala ndikumvetsera anthu muno mu Harare, nkhani yonga yanuyi yandipeza kambirimbiri, ndipo ambiri mwa eni ake anachira n'kubwerera ku ntchito, ku tchalitchi ndi kwa ana awo. Ndikuona bambo amene thupi lawo latopa ndi mantha a miyezi yambiri, chikumbumtima chikuwadya. Amenewa ndi matenda enieni, ndipo chithandizo chake chilipo.

Kuyankhula wekha usiku pakokha sikutanthauza kupenga. Munthu wokhala ndi mlandu mumtima amauzenga yekha: amadzifunsa, amadziyankha, amabwereza mawu amene akanawauza abwana tsiku lija koma sanawanene. Chimene ife timafuna kudziwa n'chakuti kodi akukangana ndi maganizo ake, kapena akuyankha mawu amene akuwamva ndi makutu pamene palibe munthu? Kodi wagwira chikhulupiriro choti palibe angamutembenuze, monga chakuti wailesi ikunena za iye, kapena kuti mwamuthirira mankhwala m'ndiwo? Kodi zoyankhula zake zikumveka mutu wake? Amuna anu akudzuka, kusamba, kukwera kombi, kugwira ntchito tsiku lonse n'kubwera kunyumba. Akudziwa bwino chimene chinachitika, ndipo kudziwako ndiye kukuwapweteka.

Tsopano funso lanu loyamba lija, limene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa yankho lake ndi limene lingakuthandizeni kuwayang'ananso bambowa ndi maso abwino.

Mu 1961, pa yunivesite ya Yale ku America, katswiri wa za maganizo Stanley Milgram anaitana amuna wamba, aphunzitsi, makalaliki, amalonda ndi ogwira ntchito zamanja, n'kuwauza kuti akufufuza mmene munthu amaphunzirira. Chaka chimenecho n'kuti Adolf Eichmann, mmodzi wa akuluakulu a chipani cha Nazi cha ku Germany, akuzengedwa mlandu ku Jerusalem pa kuphedwa kwa Ayuda, iye akudziteteza kuti ankangotsata zimene akuluakulu anamulamula. Aliyense wa amuna aja ankamukhazika patsogolo pa makina a mabatani 30, kuyambira mavolti 15 mpaka 450. M'chipinda china munali munthu womangiriridwa pampando, ndipo akalakwa funso, woitanidwa uja ankayenera kumugwiritsa shoko ya magetsi, n'kumakwera batani limodzi pa kulakwa kulikonse. Magetsiwo anali abodza ndipo womangiriridwayo ankangoyerekeza, koma wodina batani sanauzidwe zimenezo. Pofika pa mavolti 300, womangiriridwa uja ankamenya khoma, kenako n'kungoti zii. Wodinayo akafuna kusiya, bambo wina wovala jasi la mu labotale ankamuuza modekha kuti apitirize. Mwa amuna 40, 26 anafika mpaka batani lomaliza, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasiya asanafike pa 300.

Anthu akamafotokoza kafukufukuyu amakonda kuthera pa chiwerengerocho. Ine chimene chimandigwira mtima ndi zimene Milgram analemba za maonekedwe a amuna aja ali mkati modina. Ankatuluka thukuta, kunjenjemera, kuchita chibwibwi, kudziluma milomo ndi kudzikanda ndi zikhadabo. Ena ankaseka kuseka kwa mantha, ndipo atatu anachita kugwidwa ndi manjenje osaletseka. Dzanja linkamvera koma thupi lonse linkakana. Iwo anazunzika chotero kwa nthawi yosakwana ola limodzi. Amuna anu akhala pa mpando umenewo miyezi isanu.

Onaninso mmene anafikirako. Palibe amene anauzidwa tsiku loyamba kuti adine 450. Ankakwera pang'onopang'ono, mavolti 15 okha nthawi iliyonse, moti posiyira pankasowa, chifukwa kukana batani la lero kukanakhala kuvomera kuti la dzulo linalinso lolakwa. Abwana a amuna anu sanayambe ndi kalata yabodza. Anayamba ndi kakang'ono kooneka ngati ntchito ya kapitawo aliyense: lembani mayina. Mayina atalembedwa, munthu wayamba kale kuwoloka mtsinje, madzi ali m'chiuno. Ndiye pali mawu aja timawadziwa tonsefe, akuti "ine ndangotumidwa." Wodina batani akafunsa kuti munthuyu akavulala mlandu ukhala wa yani, wa jasi uja ankati ndi wake, ndipo ambiri ankapumira m'mwamba n'kupitiriza. Mawuwa amagwira ntchito masana abwana ali pafupi. Usiku pakhonde sagwira, poti siginecha ili pa kalata ija ndi ya amuna anu.

Milgram anasinthasintha kachitidwe kake kuti aone chimene chimafooketsa kumverako. Wolamulayo akatuluka n'kumalamula pa telefoni, amene ankafika kumapeto anatsika kufika pafupifupi mmodzi pa asanu aliwonse. Pakakhala anzake awiri pambali amene akana kupitiriza, ndi 4 okha mwa 40 amene ankafika kumapeto. Musunge mfundo imeneyi, tibwererako. Amuna anu anaitanidwa okha mu ofesi, chitseko chotseka, cholembera chili kale patebulo.

Ndiwonjezepo china chimene ndi chathu ife. Agogo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ena ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury, Harare ya lero. Nyumba ya pa komboni inali ya bwana, phoso la bwana, chiphaso cha bwana. Kuchotsedwa ntchito kunali kuchotsedwa pogona tsiku lomwelo. Ambiri anatchona, ndipo ana awo anakula ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo m'dziko lobadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza unzika wa obadwira kuno kwa makolo a m'mayiko a SADC. Mnzathu Mshona ntchito ikatha amati ndikupita kumusha, kutanthauza kumudzi kwawo. Ambiri a ife munda kuno tilibe. N'chifukwa chake "inde bwana" tinachita kuyamwira, ndipo tinatchuka kuti ndife antchito okhulupirika. Bambo wa ana atatu, wa zaka 14 pa kampani imodzi, m'mzinda umene ntchito ya pamwezi ndi yosowa, akapatsidwa cholembera chija amaona lendi, fizi ndi ufa. Sindikunena izi kuti ndiwayeretse. Anyamata atatu analakwiridwa ndipo mabanja awo akuvutika. Koma kulakwa kwa munthu wochita mantha n'kosiyana ndi kwa munthu wouma mtima, ndipo wouma mtima akanakhala akugona tulo lake bwinobwino.

Za mutu ndi mtimazo, thupi lili ndi njira yake yodzitetezera. Ubongo ukaona choopsa, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika, m'mimba mumaima, tulo timabalalika. Zimenezi n'zabwino ukakumana ndi galu wolusa panjira, chifukwa pakapita mphindi zochepa zonse zimabwerera m'malo. Hans Selye, amene ankafufuza zimenezi ku Montreal kuyambira mu 1936, anaonetsa kuti choopsacho chikapanda kuchoka, thupi limadzidzimuka, kenako limalimbikira kwa nthawi, mapeto ake limafooka. Galu wa amuna anu amakumana naye m'mawa uliwonse pageti la kampani, ndipo Lamlungu amamupeza pa benchi la ku tchalitchi. Khosi ndi mapewa zikakhala zokungika miyezi, mutu umawawa. Munthu wosagona mtima umakhala pafupi, tiyi wotayika amamukwiyitsa ngati nyumba yapsa. Ukapitawo pawokha ndi malo opanikiza, poti akumwamba amakukankha, apansi amakuda, ndipo chonena pa zochitika ulibe. Kafukufuku wa Michael Marmot pakati pa ogwira ntchito za boma ku London anapeza kuti a maudindo apansi ankadwala mtima kuposa mabwana awo, ndipo china mwa zifukwa zake chinali kusowa chonena pa ntchito yawo.

Palinso bala lina limene makina a BP saliona. Dokotala wa maganizo Jonathan Shay, amene ankasamalira asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam, anaona kuti ambiri chimene chinkawadwalitsa sikuopa imfa kokha, koma kuti wowalamula amene ankamudalira anawapotozera chilungamo pa nthawi yovuta. Ine ndimalitcha bala la chikumbumtima. Munthu amayamba kudziuza kuti "ndine Yudasi, aliyense akundiyang'ana, palibe chingakonzeke." Maganizo otere akazika mizu amasefa chilichonse, moni wa mnansi amamveka ngati chipongwe. Ndiye amathawa. Kusiya kwaya kumamupatsa mpumulo Lamlungu limenelo, ndipo mpumulowo umamuphunzitsa kuthawanso sabata yotsatira, mpaka atatsala yekhayekha ndi maganizo ake. Mowa nawo umachita chinyengo chomwecho. Umamugonetsa msanga, koma ukamatha m'magazi umamudzutsa pakati pa usiku mtima ukugunda.

Mwina mungafunse kuti bwanji ena amachita zoposa izi koma osadwala. Mvula imagwa pa nyumba zonse koma imadontha ndi ya denga lofooka, ndipo denga la munthu limapangidwa ndi zambiri: magazi a ku mtundu, zimene anakumana nazo ali mwana, matenda ena a m'thupi, ndi anthu amene ali nawo pafupi. Choncho mufunse apongozi mwaulemu ngati kwawoko kunakhalapo wodwala maganizo kapena wodzipha. Ku chipatala adzafuna kudziwa.

Apongozi anuwo musawanyoze, akufunira mwana wawo moyo m'njira imene akuidziwa. Koma pa mfundo yakuti anyamata aja alodza, chonde imani nji. Anawanamizira kuba, tisawanamizirenso ufiti, ndipo amuna anu akamva zimenezo mtolo wawo ungolemera chifukwa choona akuchidziwa. Pemphero ndi abusa sindiletsa, ndaona zikuthandiza kwambiri pa bala la mtundu uwu. Chimene ndimakana ndi kuchedwetsa chipatala, kumanga munthu ndi zingwe kapena unyolo, kumusalitsa kudya masiku ambiri, ndi kumuletsa mankhwala a dokotala.

Poyambira ndi pa kucheza kwa inu awiri. Musawafunse pakhonde usiku kapena atamwa. Sankhani masana, ana kulibe, ndipo musayambe ndi "mwatani kodi?" chifukwa yankho lake ndi "palibe." Nenani zimene mwaona: "Bambo, ndikuona simukugona chichitikireni zija za kuntchito. Ine sindikukuweruzani, ndikufuna tisenzere limodzi." Kenako khalani chete. Akayamba kuyankhula musathamangire kuwatonthoza kuti sanalakwe, chifukwa adzaona kuti simunamve. Ndi bwino kunena kuti, "Inde zinalakwika, ndipo ndikudziwa chimene munkaopa."

Kenako ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko. Abambo ambiri sapita ukawauza kuti akaonane ndi a zamaganizo, koma amapita ukati akayezetse mutu ndi mtima, ndipo si bodza, n'zofunikadi. Akayezedwe BP, shuga ndi HIV, ndipo anesi akaona kufunika adzawatumiza kukayezetsa chithokomiro, chifukwa nacho chimathamangitsa mtima ndi kuwondetsa. Ngati pali mankhwala amene akumwa kale, mukawatchule. Mukanenenso chilungamo za kuchuluka kwa mowa, ndipo ngati mukukayikira chamba, bronco (mankhwala a chifuwa amene ena amaledzera nawo) kapena mutoriro (mankhwala ozunguza bongo a crystal meth), musabise, poti mutoriro umaletsa tulo ndipo umatha kuyambitsa zooneka ngati misala.

Mukakhala kumeneko mufunse za Friendship Bench. Inayambira ku Mbare mu 2006 ndi Dr Dixon Chibanda, ndipo ndi agogo aakazi ophunzitsidwa amene amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu, kwaulere. Matendawa iwo amawatcha kufungisisa, ife tingati kuganiza mopitirira. Sapereka uphungu wa "limbani mtima." Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupeza chochita sabata imeneyo, ndipo amakumana naye mpaka kasanu ndi kamodzi. Kafukufuku wa m'makiliniki 24 a mu Harare, amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi theka. Ndaona abambo olowa atawerama, akuti "ine zokamba ndi agogo ayi," akubweranso okha sabata yotsatira.

Popeza kusagona, kusadya ndi kusiya zimene ankakonda zapitirira kutali masabata awiri, n'kutheka kuti adzapatsidwanso mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata awiri mpaka anayi kapena kuposerapo, ndipo sasiyidwa munthu akangomva bwino. Akapatsidwa amitriptyline muzisunga ndinu n'kumawapatsa a tsikulo, chifukwa akamwedwa ambiri nthawi imodzi ndi oopsa.

Apa ndiyankhule mosazungulira. Bambo wodziimba mlandu, wosagona, womwa mowa ndi wodzipatula ali pa chiopsezo chodzipha. Afunseni mwachindunji ngati anaganizapo zochotsa moyo wawo. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu, kawirikawiri kumamupepuza. Mankhwala a makoswe, a mbewu ndi a m'dimba achotseni m'nyumba lero. Akanena kuti bola kufa, akayamba kugawa katundu wawo kapena kutsanzika, akayamba kumva mawu kapena kuona zimene ena sakuona, akatha masiku angapo osagona n'komwe koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, musadikire kiliniki ya mawa. Musawasiye okha, itanani achimwene awo aja, mupite nawo ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, konseko kuli mbali yoona za matenda a maganizo. Akasokonezeka mwadzidzidzi, osazindikira malo kapena anthu, makamaka thupi litatentha, khosi litauma kapena atakomoka, amenewo ndi matenda a m'thupi ofunika changu, monga malungo kapena matenda oumitsa khosi. Ndipo ngati afika pomwa kwambiri tsiku ndi tsiku, asasiye mwadzidzidzi popanda achipatala, poti kutero kumatha kubweretsa manjenje ndi kukomoka.

Za mwana uja, kudwala kumafotokoza chifukwa chake koma sikupereka chilolezo. Auzeni bambowo mtima uli m'malo kuti zisachitikenso, ndi kuti mkwiyo ukakwera azituluka panja. Apepese kwa mwanayo, ndipo inu mumuuze kuti bambo ake sakupeza bwino, vuto si iye. Zikabwerezeka, kapena dzanja likafika pa inu, Childline imayankha pa 116, a Musasa amathandiza amayi, ndipo ku polisi kuli Victim Friendly Unit.

Tibwerere ku mfundo ndinati musunge ija. Abwana amene apeza kapitawo wosaina adzabweranso ndi kalata ina, ndipo amuna anu akudziwa zimenezo. Mwina n'zimene amakambirana okha pakhondepo. Sindikuti asiye ntchito mawa, munthu wosagona asapange chiganizo chachikulu. Koma asadzalowenso mu ofesi ija ali okha mumtima. Apeze munthu mmodzi kapena awiri odziwa nkhani yonse, kaya mkulu wa mpingo, kaya wa komiti ya antchito. Akonzeretu mawu achidule oti adzanene, monga akuti "ndiloleni ndikaiwerenge kaye," kapena "sindisaina zimene sindinaone ndi maso anga," ndipo aziwayeseza mokweza pamaso panu mpaka pakamwa pazolowere. Kupempha nthawi ndi chida chachikulu, chifukwa kumvera kwa mtundu uja kumadalira changu. Azilembanso m'kabuku kawo tsiku ndi zimene auzidwa.

Tulo tikabwerera ndi mutu ukapepuka, padzatsala nkhani ya anyamata atatu aja, ndipo pa zimene ndaona, bala la chikumbumtima silipola bwino popanda kukonzako kanthu. Kukonzako kungakhale kupepesa pamaso pa abusa, kungakhale kuthandiza mmodzi kupeza ganyu, kungakhale kuchitira umboni ngati anyamatawo atakadandaula kwa a zantchito. Chomalizachi chingakhudze ntchito yawo ngakhalenso iwo eni pa malamulo, poti anasaina zabodza, choncho ayambe afunsa odziwa malamulo, monga a Legal Resources Foundation, asanalankhule ndi wina aliyense. Asankhe okha, pa nthawi yawo, inu musawakankhe.

Inunso mayi mwasenza zambiri, ndipo benchi lija ndi lanunso. Lamlungu mukakumana ndi mnzanu wa ku chigwirizano uja musamulambalale. Za kalatayo musanene kanthu kaye, amenewo ndi mawu oti adzatuluke pakamwa pa amuna anu akadzakonzeka. Koma moni mupatseni, ndipo mumufunse kuti ana akudya chiyani.